Njinga ya gravel itadutsa dzinja ndi chilimwe: masipoko andidyera ndalama

Sabata ino ndatulutsa K190,000 kuti wilo lakumbuyo la njinga yanga limangidwenso lonse: limu ina, habu ina, masipoko ena. Ndalama imeneyi ndi imene yandichititsa kulembanso za njinga yanga ya gravel. Nditangoigula njingayi chaka chatha ndinalemba kuti munthu wa mu Blantyre wofuna kutuluka m'tauni n'kumakayenda misewu yafumbi sangapeze njinga yoposa ya gravel. Mawuwo sindikuwabweza onse, koma amene mukusunga ndalama kuti mugule yanu muyambe mwamva izi.

Kwa amene simunaione, ndi njinga ya mahandulo opindikira pansi monga yampikisano, koma matayala ake ndi onenepa, 700x40, ndipo mabuleki ndi a disc. Felemu ndi ya aluminiyamu. Ndinaigula yoyenda kale pa K850,000 kwa bambo wina amene amabweretsa njinga m'makontena kuchokera ku England n'kumazitsatsa pa Facebook.

Zambiri zikugwira bwino ntchito. Magiya amalowa mosavuta bola tcheni chizitsukidwa, chifukwa fumbi la Okutobala likasakanikirana ndi mafuta limadya mano. Chishalo ndinachizolowera. Felemu ilibe mng'alu paliponse. Mabuleki ndiye ndiwatame, chifukwa mtsetse wa ku Chikwawa, kuchoka cha ku Milare kukafika pa Thabwa, umakutsitsa kuchokera pa mamita pafupifupi 1,000 mpaka m'chigwa cha Shire, makona okhaokha, malole akukupuma kumsana, koma zala ziwiri zimakwana kuimitsa njinga ngakhale msewu utanyowa.

Chimene chimandiletsa kuigulitsa ndi mmene imayendera m'midzi. Ndikadzuka m'mamawa kuchoka ku Limbe kudzera msewu wa Midima, ndimapatuka kulowera ku Nguludi, kenako n'kusiya tara n'kumatsata timisewu todutsa m'minda ya chimanga ndi nandolo cha ku PIM, kuja John Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake mu 1900. Dziko la kumeneko ndi lokwera n'kutsika, chitunda chachifupi, mtsetse, kamlatho, chitunda china, phiri la Chiradzulu likuoneka uko. Njinga ya mountain imalemera pa tara ya pobwerera, yampikisano singapirire miyala, koma iyi imakwanitsa zonse ziwiri. Ku Thyolo n'chimodzimodzi ukapatuka pa Bvumbwe kulowa m'misewu yofiira ya m'mbali mwa minda ya tiyi, makamaka mu Juni ndi Julayi chiperoni chikakhazika fumbi pansi. Dzinja lokha ndilo lovuta: katondo akanyowa amamatirira pakati pa tayala ndi felemu mpaka wilo kuleka kuzungulira, ndiye umatsika n'kumatokosa ndi kamtengo.

Tsopano za masipoko. Tsiku logula, wogulitsayo anandiuza monyadira kuti mwini wake woyamba ankangoiyendetsa m'tinjira ta m'mbali mwa ngalande, choncho sinavutikepo. Ngalande za ku England zimenezo zinakumbidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 kuti mabwato azinyamula malasha ndi katundu wina, ndipo akavalo ankayenda m'mbali mwake akukoka bwato ndi chingwe. Masiku ano tinjirato timayendamo anthu apansi ndi apanjinga. Popeza timatsata madzi, ndi tosalala, zitunda n'zochepa. Wilo la masipoko 24 owonda ngati langa likhoza kukhala zaka zambiri kumeneko. Kuno limakumana ndi msewu umene mvula yakumba zigwembe, miyala yatulukira pamtunda, ndipo magalimoto asiya timizere topingasa tija timene timagwedeza munthu mpaka m'mano.

Sipoko yoyamba inaduka ndili kuseri kwa Lunzu, pa msewu wafumbi wosaoneka woopsa n'komwe. Ndinangomva twa! kumbuyo, wilo n'kuyamba kuvina. Ubwino wa mabuleki a disc ndi wakuti sagwira pa limu, ndiye ngakhale wilo litapindika pang'ono umafika kunyumba. M'mawa mwake ndinapita nayo kwa wokonza njinga mu msika wa Ndirande. Anaiyang'ana, n'kuitana mnzake, kenako akuti, "Achimwene, masipoko awa ndiye sitisunga." Masipoko a njinga zathu za kabaza ndi onenepa ndipo kumutu kwake n'kopindika kuti akole mu habu. Anga ndi owongoka kuyambira kumutu mpaka kumapeto, ndipo habu yake imalola okhawo. Ndinazungulira masitolo a zipangizo za njinga ku Limbe, onse akungopukusa mutu.

Wogulitsa uja poyamba anandithandiza, ndinene zoona. Anachotsa masipoko angapo pa wilo lina lowonongeka limene linali m'nyumba yake yosungira katundu n'kundipatsa ulere. Anali ofupikirapo pang'ono, moti ankangogwira mano ochepa a nati. Tinamanga choncho. Sipanathe mwezi, ina inaduka pafupi ndi yoyamba ija, kenako inanso, zonse mbali ya magiya. Zinafika poti ulendo uliwonse ndinkayenda khutu lili kumbuyo, kuopa mtsetse, kuzemba mwala uliwonse, ndipo kukoma konse kwa njinga kunatha. Loweruka lina ndinakankha kuchokera cha ku Michiru mpaka ku Chilomoni masipoko awiri ataduka nthawi imodzi, tayala likukhula felemu. Tsiku limenelo akanabwera munthu ndi theka la mtengo wake ndikanamupatsa.

Amene anandifotokozera bwinobwino ndi mdala wina wokonza njinga ku Limbe, amene wakhala akumanga mawilo kuyambira kale. Anati mbali ya magiya masipoko amamangidwa mothina kuposa mbali inayo, chifukwa magiya amatenga malo ndipo masipokowo amaima mowongoka. Imodzi ikaduka, anzake oyandikana nayo amasenza katundu wake, ndipo ngati anali otopa kale amatsatira mmodzimmodzi. Anandionetsanso timanati tomangira masipoko ku limu: ndi ta aluminiyamu, ndipo tinali titayera n'kumanyenyeka. Ku England amathira mchere m'misewu nyengo yozizira kuti madzi asaundane, ndipo mchere umadya aluminiyamu. Ndiye njingayi sinkangoyenda m'mbali mwa ngalande mokha ayi. "Mwana wanga," anatero mdalayo, "kusintha imodziimodzi kuli ngati kusoka chigamba pa nsalu yofuka. Tipeze habu ya mabowo 32 yolola masipoko opindika, timange latsopano."

Pamene tinkadikira zipangizo ndinapita nayo ku Chikwawa, wilo litangomangidwa mongogwirizira. Cha ku Kasinthula kuli ngalande zothirira nzimbe, ndipo m'mbali mwake muli misewu yadothi yosalala. Nditapempha alonda anandilola kudutsa. Kumeneko njinga inauluka, popanda sipoko yolira ngakhale imodzi, ndipo ndinamvetsa malo amene wiloli linapangidwira. Koma chigwa chili ndi minga, ndipo kutentha kwake kumafuna kuti pofika 10 koloko ukhale utapeza mthunzi. Munga unang'amba tayala m'mbali, ndipo apa ndinaphunzira za ndalama ina yobisika. Matayala a njinga za kabaza olembedwa 28 x 1 1/2 salowa pa limu imeneyi. Limu yawo ndi ya mamilimita 635, yanga ndi ya 622, ngakhale ndi maso zimaoneka zofanana. A 26 ndi aang'ono. A njinga za mountain olembedwa 29 amalowa pa limu, koma ambiri ndi onenepa moti amakhula felemu. Chubu nachonso chili ndi valavu yowonda imene pampu ya wokonza njinga pansi pa mtengo siigwira popanda kachitsulo kolumikizira. Ndinamata tayalalo mkati ndi chidutswa cha tayala lakale, ndipo mpaka lero likuyenda choncho.

Habu ndi limu zinachokera ku Johannesburg, kudzera kwa mlamu wanga amene amayendetsa thiraki. Masipoko osachita dzimbiri anabwera limodzi. Mdala uja anamanga wilolo tsiku lathunthu, akuliza sipoko iliyonse ndi chala kuti amve ngati zathina mofanana, ndipo ntchito yake anangotchaja K15,000. Dzulo ndaliyesa pa msewu womwe uja wa kuseri kwa Lunzu, mwadala osazemba miyala. Lili zii. Njinga yalemerako pang'ono kumbuyo, koma mtima unali m'malo ulendo wonse, ndipo ndinabwerera ndikuikondanso.

Ndikawerengera, njinga ya K850,000 yadutsa K1 miliyoni, ndipo tayala latsopano sindinagule. Wilo lakutsogolo nalo lili ndi timanati tomwe tija, ngakhale silisenza katundu wambiri. Ndalama ya minibasi ndi mafuta imene ndapulumutsa popita ku ntchito ku Ginnery Corner ndi yooneka, makamaka masabata amene mafuta anasowa anzanga akugona pa mizere, koma siinabweze zonsezi.

Chondiwawa kwambiri ndi wogulitsa. Pogula anandiuza pakamwa kuti chilichonse chikavuta m'miyezi itatu yoyamba ndi udindo wake, ndipo sipoko yoyamba inaduka miyeziyo isanathe. Atandipatsa masipoko afupiafupi aja anayamba kuyankha mochedwa pa WhatsApp. Nkhani inali yakuti kontena ikubwera ndipo muli wilo langa, kenako yakuti ndalama zakunja zikusowa. Zoti zikusowa n'zoona, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense woitanitsa katundu kunja akulira. Koma nthawi yomweyo ndinkaona akutsatsa njinga zatsopano pa Facebook, zina za mawilo ofanana ndi langa, akulemba kuti n'zolimba pa msewu uliwonse wa m'Malawi. Nditamutumizira chithunzi cha lisiti ya sabata ino, anandiimbira, n'kunena kuti, "Bwana, musakwiye, tigawana." Anatumiza K40,000 pa Airtel Money n'kulonjeza tayala limodzi la 700x40 mwezi uno usanathe.

Mnzanga wa ku ntchito akufuna kugula kwa bambo yemweyo. Ndamuuza kuti awerenge masipoko asanalipire, asankhe wilo la masipoko 32 opindika kumutu, akande timanati ndi chikhadabo aone ngati sitikunyenyeka, ndipo tayala lapadera ndi machubu awiri zikhale m'manja mwake tsiku lomwelo, zolembedwa pa lisiti. Wavomera kudikira mpaka mwezi uthe. Tayala langa likafika ndimuperekeza ndekha, likapanda kufika tikayang'ana kwa wogulitsa wina ku Lilongwe.