Mwana wavulala: apite ku showcase ya baseball kapena adikire?

Ku America anyamata a baseball amapita ku ma showcase (zochitika zoonetserako luso lawo) ngati a bungwe la Perfect Game kuti makochi a m'makoleji awaone. Nde ngati chigongono chikupweteka, apitebe?

Kupita: mulipira madola mazana angapo, kuonjezera thiransipoti ndi hotela.
Kudikira: ndalamazo zipita kwa dokotala.

Kupita: liwiro la mpira womwe waponya, lomwe makina a radar ayeza, limakhala pa profile yake ya pa intaneti, kochi sadziwa zoti mwana anali wovulala, amangoona nambala yofooka basi.
Kudikira: ulendo uno makochi samuona, koma mwana atha kuwatumizira vidiyo akachira.

Choopsa kwambiri nchoti mtsempha wa m'chigongono ukaduka nthawi zambiri pamafunika opaleshoni yotchedwa Tommy John, miyezi 12 mpaka 18 osasewera.

Pitcher (woponya mpira) adikire ndithu, olo makolo alipira kale. Womenya mpira yemwe dokotala wamuloleza atha kupita, koma awauziretu makochi za vutolo.