Miyezi 9 chilembereni mayeso a MIS, phunziro lomwe ndinkaliderera pa MBA

Pa ndandanda limalembedwa kuti Management Information Systems, phunziro la kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka uthenga wa kampani pa kompyuta, koma m'kalasi tonse tinkangoti MIS. Ine pa MBA, digiri ya masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi, ndinasankha mbali ya zotsatsa malonda, ndipo masana ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa katundu mopikulitsa ku Limbe. Choncho phunziroli ndinalilowa monyinyirika, poganiza kuti ndi la anyamata okonza makompyuta. Tsopano patha miyezi 9 chilembereni mayeso ake, ndipo ndikayang'ana zomwe ndikuchita pa desiki yanga tsiku ndi tsiku, palibe phunziro lina lomwe ndaligwiritsa ntchito ngati ili.

Chomwe chinanditembenuza mtima chinachitika pa sabata yachitatu. Aphunzitsi anati aliyense abwere ndi fayilo ya Excel ya kuntchito kwake, atachotsamo mayina a makasitomala. Ine ndinatenga ya malonda a chaka chonse, yomwe tinkaidalira kwambiri pa misonkhano. Nditapanga pivot table, tebulo la mu Excel lophatikiza manambala m'magulu, kuti ndione malonda a boma lililonse, Nkhata Bay inatuluka katatu: pena "Nkhata Bay", pena "Nkhatabay", pena "N/Bay". Lilongwe inatuluka kanayi, ndipo ziwiri mwa izo zinkaoneka zofanana ndendende, kusiyana kwake kunali kampata kamodzi kosaoneka ndi maso kumapeto kwa dzina. Kompyuta imawerenga chilichonse ngati malo akeake. Ife pa msonkhano tinkangoona mzere woyambawo, n'kumati kunyanja kuja anthu sakugula, mpaka tinayamba kukambirana zoti galimoto izipitako kamodzi pa mwezi. Nditaphatikiza mizere itatuyo, bomalo linali pakati pa omwe akuchita bwino kumpoto. Ndinangoti kakasi, chifukwa tinatsala pang'ono kutaya makasitomala kaamba ka kalembedwe ka dzina.

Mankhwala ake anali osavuta. Ndinachotsa timipata tija ndi TRIM, lamulo la mu Excel lochotsa mipata yosafunika, kenaka ndinakonza kuti pa danga la boma munthu asamalembe yekha, azingosankha pa mndandanda wa maboma 28 a dziko lino. Ntchito ya masana amodzi. Chovuta chinali kuwanyengerera anzanga akumalonda kuti asiye chizolowezi chawo, ndipo mmodzi anandikwiyira pafupifupi mwezi wathunthu ati ndikumuchedwetsa. Lero ndi yemweyo amene amandiimbira akaona kuti wina walemba mosokoneza.

Chachiwiri chomwe chakhazikika ndi mayina a mafayilo. Ndimakumbukirabe November 2023, pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo inkasintha pafupipafupi, ndipo pa WhatsApp ya kuntchito pankayenda mafayilo atatu: "mitengo final", "mitengo final 2" ndi "mitengo yeniyeni". Ogulitsa ena anagulitsa katundu pa mtengo wakale kwa masiku angapo, osati mwakuba, koma chifukwa sankadziwa kuti yolondola ndi iti. Nthawi imeneyo ndinkati ndi chipwirikiti cha nyengo chabe. Ku MIS ndi komwe ndinamvetsa kuti vuto linali lathu. Panopa fayilo ya mitengo ndi imodzi, imakhala pa Google Drive, woisintha ndi munthu mmodzi, ena onse amangowerenga. Yakale tikaisunga, dzina lake limayamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, monga 2025-03-14, kuti kompyuta iziyala yokha motsatana.

M'gulu lathu lowerengera limodzi tinalipo anayi, aliyense mbali yake, ndipo timakumanabe. Mayi wa zoyang'anira ogwira ntchito ndi amene anasintha kwambiri. Kale ndandanda ya malipiro, yokhala ndi manambala a chiphaso cha unzika ndi a akaunti za kubanki, ankaitumiza pa foni kwa aliyense woipempha mu ofesi. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe linapatsidwa udindo woliyang'anira. Titaliwerenga m'kalasi mayiyo anagwira pakamwa. Tsopano fayiloyo ili ndi pasiwedi ndipo oiona ndi anthu awiri okha. Bambo wa zachuma amati iye chamuthandiza ndi XLOOKUP, lamulo la mu Excel lofufuzira zofanana m'mindandanda, pofananiza malipiro obwera pa Airtel Money ndi Mpamba ndi zomwe zili m'mabuku, ntchito yomwe kale ankaichita ndi rula ndi cholembera mpaka usiku. Wachinayi, wa zogula katundu, wangoyamba kusunga makoteshoni onse malo amodzi, basi, koma akuti ma oditala atabwera sanatuluke thukuta.

Si zonse zomwe zandithandiza, ndipo ndinene mosabisa. Masabata angapo anathera pa makina akuluakulu oyendetsera kampani monga SAP, tikungoonera zithunzi pa khoma osawagwira n'komwe. Mwina ogwira ntchito ku banki kapena ku makampani a shuga ndi fodya anapindula, koma ambiri a ife tili m'makampani momwe zonse zimathera mu Excel ndi m'buku la malisiti. Nthawi imeneyo ikanapita pa kuyeretsa deta, bwenzi zili bwino. Power BI, pulogalamu yopangira malipoti, ndinaikonda poyamba chifukwa matchati ake ndi okongola, ndipo ya pa kompyuta ndi yaulere. Koma imafuna Windows, ndipo kuti ugawane malipoti ndi anzako pa intaneti pamafunika kulipira mwezi ndi mwezi m'madola. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, bwana anakana, ndipo sindinawaone kulakwa. Ndinaisiya patatha miyezi itatu.

Pulogalamu yomwe sindinaisiye ndi Zotero, yosungira mapepala a kafukufuku. Ndi yaulere, ndipo pepala lililonse lomwe ndawerenga pokonzekera kafukufuku wanga wotsiriza lili mmenemo pamodzi ndi ndemanga zanga. Malo aulere osungira mafayilo pa intaneti ndi 300 MB okha, choncho mapepala enieniwo ndimawasunganso pa flashi. Laputopu yanga itafa magetsi atabwera mwamphamvu usiku wina, sindinataye ngakhale tsamba limodzi.

Amene mukulembetsa MBA chaka chino, kaya mwasankha zachuma, zamalonda kapena za ogwira ntchito, MIS musaisiyire kumapeto ngati mmene ndinkafunira ine. Pitani nayo fayilo yeniyeni ya kuntchito kwanu, yosokonekera momwemo, osati zitsanzo zoyera za m'buku. Ine sabata ino ndayamba kukonza ndandanda ya katundu wa m'nkhokwe, ndipo ndapeza kale kuti sopo wa mtundu umodzi ali ndi mayina asanu.