Kampani ya malole yomwe inatisamutsa kuchoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre

Ntchito itatisamutsira ku Blantyre, tinalemba kampani ina ya malole ya ku Mzuzu kuti itinyamulire katundu wa m'nyumba yonse kuchoka ku Chibavi kukafika ku Chilomoni. M'banja mwathu tilipo ine, bambo a ana, ana atatu ndi apongozi anga aakazi omwe ndi achikulire ndithu. Katundu anafika, ndipo wochuluka anafika ali bwinobwino. Ndikanati ndiwachonge, ndikanawapatsa 7 pa 10. Malikisi atatuwo ataya makamaka pa chinthu chimodzi: nyumba yomwe timatulukamo anaiyendera mosamala kwambiri, koma ya komwe timapita sanafunse n'komwe kuti ili potani. Dzina la kampani ndalisunga, poti zomwe ndinene zikhudza aliyense amene akusaka lole ya msamuko.

Ulendowu si wapafupi. Kuchoka ku Mzuzu kutsata msewu wa M1 kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 360, ndipo kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi ena opitirira 300. Anthu ambiri anatilangiza kuti tidikire lole yobwerera, ija yabweretsa katundu wa m'masitolo kumpoto ndipo ikubwerera kummwera ilibe kanthu. Mtengo wake umatsikadi, sindikana. Vuto lake ilibe tsiku lenileni, ndipo dalaivala akafika pa Jenda palibe womuletsa kusanjikiza matumba a mbatata ndi madengu a tomato pamwamba pa matilesi anu. Ife tsiku linali lotipanikiza. Eni nyumba amafuna makiyi mwezi wa Ogasiti ukamatha, sukulu zimatsegulira mu Seputembala, ndipo mwana wathu woyamba amalowa Sitandade 8. Tinkafuna ayambe chaka kusukulu yatsopano kuti dzina lake la mayeso a MANEB lilembedwere komweko, osati kumusuntha pakati pa chaka. Choncho tinasankha lole yathuyathu, yodula koma yodziwika tsiku.

Chomwe ndinganene kuti ndalama yanga inagula ndi ulendo wa a kapitawo odzaona nyumba lisanafike tsiku losamuka. Pa foni tinali titagwirizana za lole ya matani 7. Bambowo anabwera ndi kope ndi tepi, nalowa chipinda chilichonse, kukhitchini, kusitolo, mpaka kuseri komwe timasunga makasu ndi njinga. Kabati ya zovala anaiyeza n'kuyezanso chitseko, n'kutiuza kuti siituluka pokhapokha imasulidwe. Anafunsa mabedi omasuka ndi osamasuka, anawerenga matumba a chimanga, ananyamula mtondo kuti amve kulemera kwake. Atatha anatiuza mosabisa kuti ya matani 7 siikwana, tikaikakamiza katundu atalika kupitirira zitsulo za m'mbali ndipo pa zitunda za ku Chikangawa izikapendama. Tinatenga ya matani 10. Poyamba mtima unandiuza kuti akufuna kutidyera, koma tsiku lokweza malo otsala anali ochepa zedi.

Tsiku lomwelo anatiuza zomwe sanyamula: makala, matabwa opanda chiphaso, ziweto, petulo kapena palafini wa m'zigubu. Mawu awo ndikuwakumbukirabe: "Mayi, thumba limodzi la makala litha kugoneka katundu wanu yense pa rodibuloko." Samanama. Malamulo a zankhalango anakhwimitsidwa mu 2020, ndipo pa malo ngati Jenda ndi Zalewa galimoto zonyamula katundu zimayang'anidwa. Bambo a ana anali ndi matabwa a paini omwe anagula kalekale kuti adzakhomere denga, ndipo anawagulitsa m'malo mothamanga ndi mapepala. Zomwe zinandikhudza ndi nkhuku za apongozi. Anaziweta okha kuchokera ku tianapiye, ndipo atamva kuti sizikwera anakhala chete tsiku lonse. A kapitawo anakhala nawo pansi pakhonde n'kuwafotokozera mwaulemu, akuwatchula kuti agogo, kuti ziweto zimafuna chiphaso cha a vetenale ndiponso kuti pansi pa lona zikhoza kufa ndi kutentha. Tinazisiya kwa achemwali awo. Munthu wina akanangoti "sizitheka" n'kutembenuka.

Kenako panali mndandanda. Chilichonse chokwera mu lole chinalembedwa pa mapepala awiri, limodzi lathu lina lawo, tonse n'kusayina. Katoni iliyonse inalembedwa nambala ndi chipinda chomwe ikupita. Mlamu wanga amene anakwera kutsogolo ndi dalaivala anandiuza kuti pa marodibuloko amangoonetsa mndandandawo pamodzi ndi kalata yanga ya transifa ya kuntchito, apolisi n'kusuzumira pansi pa lona n'kuwalola kupita, osawatsitsitsa katundu. Makatoni okha omwe kampani inabweretsa anali ochepa, ena tinachita kukagula m'magolosale. Zimenezi akanatiuza pachiyambi.

Pa za mtengo ndilibe dandaulo. Analemba papepala kuti muli mafuta, anyamata okweza ndi kutsitsa, chakudya cha dalaivala, ndi ndalama ya pa zipata zolipiritsa za Kalinyeke ku Dedza ndi Chingeni. Theka tinalipira pa foni tsiku losayina, theka lina katundu atafika. Chigwereni mphamvu kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni malole ambiri akakupatsani mtengo lero, mawa amati wasintha. Awa analemba kuti mtengo wawo ukhala womwewo kwa masabata awiri, ndipo anasungadi mawu. Thanki ya lole anadzaziratu kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, chinthu chomwe aliyense amene anagonapo pa mzere wa dizilo angachiyamikire. Koma funsani za inshuwalansi. Nditafunsa anandiyankha moona kuti yomwe ali nayo ndi ya galimoto, siiteteza katundu wa m'katimo, ndipo wofuna ya katundu ali pa ulendo akadule payekha. Kukhulupirikako ndinakukonda, ngakhale yankholo silinandisangalatse.

Tsiku lokweza anati afika kukamacha, koma anafika dzuwa litakwera ndithu, ana atatopa kale kukhala pa makatoni. Atayamba ntchito mkwiyo wanga unazilala. Anyamata aja kupakira amakudziwa. Matumba a chimanga ndi zolemera zonse zinapita kutsogolo kufupi ndi kwa dalaivala. Filiji anaikulunga m'mabulangete awo, n'kuimangirira ku zitsulo ili chiimire, ndipo anandikumbutsa kuti ikafika ndisaiyatse msanga, ipume kaye maola angapo kuti mafuta a mu injini yake akhazikike. Matilesi anawaimika m'mbali kuti atchinjirize makabati. Mipando ya sofa anaivundikira ina pa inzake ataika makatoni opanda kanthu pakati kuti nsalu isakhulike. Timisomali ta mabedi anatiika m'timapepala ta pulasitiki n'kumata pa mutu wa bedi lake, kuti ta bedi ili tisasakanikirane ndi ta lina. Njinga, ndowa ndi mbaula zinakwera pomaliza. Pamwamba anafunditsa malona awiri, n'kumanga ndi malamba okoka, osati tizingwe ta mphira tija timaduka panjira.

Malona awiriwo anagwira ntchito. Ku Chikangawa anapeza nkhungu ndi mvula yowaza monga mwa nthawi zonse nyengo yozizira, ndipo pakati pa Jenda ndi Kasungu, komwe msewu umakonzedwa, anadutsa m'njira zapambali zafumbi lokhalokha. Zovala ndi zofunda zinafika zouma, zopanda fumbi. Mbale zomwe ndinakulunga m'zitenje ndi m'manyuzipepala sinasweke ndi imodzi yomwe.

Kampaniyi siilola ana kapena munthu aliyense kukwera kumbuyo pamwamba pa katundu, ndipo kutsogolo amalola munthu mmodzi yekha wa banja. Pamenepa ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Tawaonapo tonse mabanja atakhala pamwamba pa mipando lole ikutsika mtsetse, mwana ali kumsana, ndipo mtima umandiwawa ndikaona zotero. Ife otsala tinakwera basi. A kapitawo anandilangiza kuti ndipatule chikwama chosakwera mu lole, ndipo ndinaikamo mabuku a kuchipatala a ana, mankhwala a BP a apongozi, makalata a transifa ochokera kwa ahedi, ziphaso za unzika, machaja, zovala zosinthira ndi mabulangete. Anatipatsanso kapepala kotikumbutsa kutseka bilu ya madzi ku Northern Region Water Board ndi kuwerengera limodzi ndi eni nyumba mayunitsi otsala mu mita ya ESCOM, kuti pasadzakhale kukangana titachoka.

Chomwe sanatiuze mpaka lole itadzaza n'chakuti madalaivala awo sayenda usiku. Lamulolo ndi labwino, koma tinalimva mochedwa. Popeza ananyamuka masana, anakagona ku Lilongwe, ndipo ife tinafika ku Chilomoni m'nyumba yopanda bedi, yopanda poto, usiku wozizira wa Ogasiti. Anthu oyandikana nawo, omwe sanatidziwe n'komwe, anatibwereka mphasa ndi matilesi amodzi oti agonepo apongozi. Foni ya dalaivala inali yozima nthawi yambiri, ya ku ofesi sinayankhidwe ikangokwana nthawi yowerukira. Pakanapanda mlamu wanga sitikanadziwa kuti katundu wathu wagona kuti. Kwa banja lomwe zonse zomwe lili nazo zili pa lole imodzi pamsewu, kungokhala chete koteroko kumadwalitsa mtima.

Tsopano nkhani yomwe inandipweteka. Chilomoni ili m'munsi mwa phiri la Michiru, ndipo mukangochoka pa tala misewu yambiri ndi yokwera, yamiyala, yokumbika ndi madzi a mvula. Nyumba yathu ili chakumtunda, pa kanjira kokhota kopapatiza. Lole itafika madzulo, dalaivala anatsika, nayenda wapansi kukaona, nabwerako akupukusa mutu. Lole ya matani 10 siikanakhota pamenepo popanda kugumula mpanda wa eni ake kapena kutsetsereka chambuyo. Sindimudzudzula, anachita bwino kukana. Ndikudzudzula ofesi. Munthu amene anayeza chitseko cha kuchipinda kwanga ndi tepi analephera bwanji kufunsa kuti kodi kunyumba yatsopanoyo lole imafika pakhomo? Blantyre ndi mzinda wa mapiri. Ndirande, Bangwe, Chilobwe, Soche, mbali zina za Machinjiri, konseko kuli nyumba zomwe galimoto yaikulu siifikako. Kampani yomwe imapita ku Blantyre kawirikawiri ikuyenera kuzidziwa zimenezi kuposa banja lomwe lakhala kumpoto zaka zambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa phulalo tinadya ndife.

Katundu anatsitsidwa m'mbali mwa tala. Bambo a ana anathamanga kukasaka kalole kakang'ono ndi anyamata aganyu, pamene ine, ana ndi apongozi tinazungulira katunduyo tikulondera, anthu odutsa akuima kuonerera. Palibe mayi amene angakonde kuti za kuchipinda kwake zikhale pa msewu dzuwa likulowa. Kalole kaja kanayenda maulendo angapo kukwera ndi kutsika, ndipo pa kusinthitsa kumeneku ndi pomwe galasi la kabati ya mbale linang'aluka ndipo mwendo wa tebulo unagwedera. Ulendo wonse wa makilomita opitirira 600 panalibe chosweka, zinadzawonongekera pa mtunda woti mwana amayenda wapansi popita kukagula mchere. Ndalama ya kaloleko ndi ya aganyu inatuluka m'thumba mwathu, chifukwa papepala paja panali mawu akuti katundu adzatsitsidwa pomwe lole ingathe kufika.

Anyamata a kampani sanatithawe. Ntchito yawo pa pepala inathera pa tala paja, koma anakwera nafe, ananyamula filiji pamanja malo oipitsitsa, anamanga mabedi onse ndi kabati ya zovala ndi tochi ya pa foni, ndipo bedi la apongozi ndi lomwe anayamba. Kenako tinakhala pansi ndi mndandanda uja n'kuitana nambala imodziimodzi. Makatoni onse anakwana. Mu chipwirikiti cha pamsewu chija, popanda manambala aja sindikanadziwa ngati china chasowa mpaka patapita miyezi.

M'mawa mwake ndinaimbira abwana awo ndisanalipire theka lotsala. Anandimvetsera osandidula mawu, anapepesa, ndipo anavomera kuchotsera mtengo wa galasi ndi wa kalipentala wokonza tebulo. Za kalole kakang'ono anakana, anati mgwirizano ukunena momveka. Mwalamulo akulondola. Ndinawauza kuti pa fomu yomwe a kapitawo amayenda nayo awonjezerepo mafunso a komwe katundu akupita: msewu ndi wotani, geti ndi lalikulu bwanji, pali mawaya a magetsi otsika kapena ayi. Masiku ano ndi nkhani yongopempha kasitomala kuti atumize kavidiyo ka msewuwo pa WhatsApp. Anati aziganizira.

Mnzanga wa kuntchito akusamukira ku Zomba mu Disembala, mvula ili mkati, ndipo nambala yawo ndamupatsa. Ndamuuza kuti ajambule msewu wa kunyumba yatsopanoyo kuyambira pa tala mpaka pa geti, awatumizire asanasayine, ndipo zilembedwe papepala kuti lole ikalephera kufika pakhomo ndalama ya galimoto yaing'ono alipira ndani. Afunsenso kuti lole idzagona kuti ndipo ndani adzayankhe foni usiku umenewo.