Pa njinga yakapalasa m'mapiri a Chianti

Chithunzi changa ndili pa njinga chimene ndinaika pa gulu la banja lathu pa WhatsApp chija chinadetsa nkhawa ena a inu. A malume anafunsa mosapita m'mbali: "Mphwanga, wakafika mpaka ku Ulaya ukadali pa njinga? Kodi zinthu sizikuyenda?" Funso lawo ndi lomveka. Kwathuko munthu akapeza bwino amatsika pa njinga yakapalasa n'kugula yamoto, zikayendanso agule galimoto. Ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino, kuti inu a malume ndi ena nonse mumve mmene njinga ilili kuno ku Italy.

Ndimagwira ntchito m'munda wa mphesa m'dera la Chianti, chigawo cha Toscana, pakati pa mizinda ya Firenze ndi Siena. Malo athyathyathya kuno kulibe. Ukangotuluka pakhomo ndiye kuti ukukwera kapena ukutsika, ndipo ukayamba ndi kutsetsereka udziwiretu kuti pobwera miyendo ilipira ngongoleyo. Mapiri ake si aatali kwenikweni. Tauni ya Gaiole ili m'chigwa, pamene Radda ndi Castellina zinamangidwa pamwamba pa zitunda, mamita opitirira 500 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere. Chimene chimathyola munthu n'chakuti zitundazo sizitha: ukamaliza ichi, chinzake chakudikira kale kuseri kwa kona.

Chinandidabwitsa koyamba si mapiri ayi, koma kusowa kwa anthu. Pali msewu waukulu wotchedwa Chiantigiana, wodutsa ku Greve ndi Panzano, umene m'chilimwe umadzaza ndi alendo odzaona malo komanso njinga zamoto. Koma ukangoupatuka n'kulowa timisewu ting'onoting'ono, ukhoza kupalasa nthawi yaitali osakumana ndi munthu woyenda pansi. Palibe mayi wosenza nkhuni, palibe mwana wothamangira kumsewu kudzakuona, palibe wogulitsa kanthu. Umangomva tcheni chako ndi mpweya wako. Uku mizere ya mphesa yotsika chitunda chonse, uko mitengo ya azitona ya masamba otuwa, kenako nkhalango yothithikana imene nguluwe zimaifukula usiku. Minga ya nungu ndimaitola mumsewu kawirikawiri. Masiku oyambirira bata limeneli linkandiopsa. Ndinkadzifunsa kuti nditagwa pano, angandione ndani?

Amene anandimasulira za batali ndi mkulu wina wokonza njinga, bambo wa imvi mbuu amene anabadwira m'nyumba ina yamiyala ya m'mapiri momwemu. Akuti kale zitunda zonsezi zinali zodzaza ndi anthu. Mabanja akuluakulu ankakhala pa minda ya eni chuma pa dongosolo lotchedwa mezzadria: banja lilime, zokolola ligawane pakati ndi mwini malo. Inu amene munaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji mukudziwa kale mmene ngongole ya kwa bwana imamangira munthu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale anayamba kuchuluka m'matauni, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 achinyamata anathawa minda mwaunyinji. Mu 1964 boma linaletsa kupanga mapangano atsopano a mtundu umenewo. Nyumba zinatsala mabwinja. Kumwera kwa Siena, kumene nthaka ndi yamakande otuwa, malo ambiri anatengedwa ndi abusa a nkhosa ochokera ku chilumba cha Sardegna. Nyumba zina zinagulidwa ndi anthu olemera ochokera ku England, Germany ndi mayiko ena, n'kuzisandutsa malo ogona alendo. Choncho misewu imene okwera njinga a dziko lonse amaisirira chifukwa cha bata lake inakhala chete chifukwa eni ake anasamuka kukasaka moyo kwina. Mkuluyo atanena zimenezi ndinaganiza za mudzi wathu ndi anyamata onse amene ali ku Joni.

Njinga yanga yoyamba ndinaigula kwa mkulu yemweyu, yachitsulo, yakalekale, ya mahandulo opindikira pansi ndi timatayala topyapyala ngati chala. Cholinga chinali kupitira kuntchito, chifukwa basi ya kumidzi kuno imadutsa mwa apo ndi apo, Lamlungu ndiye osayembekezera n'komwe. Tsiku lina anandiona ndikukwera chitunda cha kufupi ndi kwawo nditaimirira pa mapedulo, ndikukankha giya yolemera. Anandiimitsa. Anagwira kachitsulo kosinthira magiya, n'kutsitsa tcheni pa giya yopepuka, kenako anakweza chishalo changa pang'ono mpaka mwendo unkatsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi. Anangoti, "Piano, piano," kutanthauza kuti pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti Lamlungu m'mawa ndikapezeke pabwalo la tauni.

Ndinapeza gulu la azibambo, ambiri a iwo a msinkhu wanu a malume, ena okulirapo. Panali dokotala wopuma pantchito, wopanga mipando, woyendetsa thirakitala, onse atavala zothina zamitundumitundu, moti sungadziwe wolemera ndi wosauka pokhapokha utayang'ana njinga. Zina mwa njinga zimenezo n'zopepuka moti umanyamula ndi zala ziwiri, ndipo mtengo wake umaposa wa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Anthu amenewa magalimoto ali nawo, amawasiya pakhomo dala. Amadzuka m'mamawa kukafunafuna chitunda chimene ife tikanachizemba.

Kukwera phiri nawo limodzi kunandiphunzitsa zambiri. Ine mphamvu ndinali nazo, ndipo poyambira chitunda ndinkawasiya onse. Iwo sankandithamangira. Ankakhala pachishalo, miyendo ikuzungulira mofulumira pa giya yopepuka, akucheza za ndale ndi za mitengo ya mafuta a azitona, ndipo chapakati pa phiri ankandipeza ndikupumira m'mwamba. Wina ankandigwira pamsana n'kundikankha pang'ono akunena kuti "Dai, dai!", kutanthauza kuti tiye, tiye. Anandiphunzitsa kudya ndisanamve njala, kumwa ndisanamve ludzu, kutsatira tayala la mnzanga pafupi kuti iye azindidulira mphepo, komanso kuloza pansi ndi chala ndikaona dzenje kuti wam'mbuyo adziwe. Potsetsereka anandiuza kuti mabuleki agwire usanalowe m'kona, osati uli kale m'kati mwake. Madzi timatunga pa mipope ya m'midzi, nthawi zambiri pafupi ndi tchalitchi kapena manda, bola pasakhale chikwangwani cholembedwa kuti non potabile, kutanthauza kuti madziwo si akumwa. Ulendo uliwonse umakhala ndi poima pomwera khofi, kakapu kakang'ono kowawa komwera choimirira, ndipo amalimbirana kulipira.

Ndinene mosabisa: kuntchito ndine "mnyamata wa ku Africa" ndipo anthu ambiri a m'tauni ankangondidutsa. Azibambo amenewa ndiwo anayamba kundiitana ndi dzina langa, kundifunsa za kwathu, kundiitanira kunyumba kukadya. Chitaliyana chambiri chimene ndikuyankhula ndinachiphunzira pa chishalo.

Chonyadira chachikulu cha dera lino ndi misewu yafumbi yoyera, strade bianche, yothiridwa timiyala toyera tophwanyidwa. Ife tikaona msewu wafumbi timadandaula kuti boma latiiwala, koma kuno anthu anachita kumenyera nkhondo kuti ina isathiridwe tala. Mu 1997 bambo wina wa ku Gaiole, Giancarlo Brocci, anayambitsa ulendo wa njinga wotchedwa L'Eroica, ndipo chaka choyambacho ananyamuka anthu 92 okha. Lero kumabwera anthu zikwizikwi ochokera m'mayiko ambiri, kumayambiriro kwa Okutobala. Lamulo lake n'lakuti ubwere ndi njinga yachikale, ya m'zaka za 1987 kubwerera m'mbuyo, yosinthira magiya pa felemu, ndipo ambiri amavalanso majuzi aubweya ngati a makolo awo. Njira yaitali kwambiri ndi makilomita 209, kukafika ku Montalcino n'kubwerera. Amene asankha imeneyo amanyamuka kukadali mdima, ndipo chitunda chokwerera ku Castello di Brolio, nyumba yachifumu ya banja la Ricasoli, amachiyatsira makandulo mbali zonse ziwiri. M'malo opumira amakupatsa buledi wothira mafuta a azitona, msuzi wa nyemba ndi masamba wotchedwa ribollita, ngakhale vinyo amene. Kuchokera pa ulendo umenewu panabadwa mpikisano wa akatswiri mu 2007, umene tsopano umatchedwa Strade Bianche, umachitika mu Malichi ndipo umathera pabwalo la Piazza del Campo ku Siena.

Chigawo cha misewu imeneyi chimene chimaopedwa ndi aliyense ndi Monte Sante Marie, pafupi ndi Asciano, makilomita oposa 11 a fumbi lokhalokha, kukwera ndi kutsika. Ndinakafikako ndi gulu lathu tsiku lina lotentha. Pokwera chitunda chovuta kwambiri ukaimirira tayala lakumbuyo limaterera pa timiyala, ukakhala pansi lakutsogolo limafuna kunyamuka. Fumbi limalowa m'mano, limamata pa thukuta mpaka tonse tinafanana khungu. Pamwamba pake palibe mtengo wa mthunzi, koma maso amafika kutali, zitunda zotuwa zotsatizana, mzere wa mitengo ya cipresso wolunjika ku nyumba imodzi, ndi nsanja za Siena chapatali.

Azibambowa akandiona ndikukwera bwino amafuula kuti "Girmay!" Amanena Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene mu 2022 anapambana gawo la mpikisano wa Giro d'Italia mu tauni ya Jesi, kukhala munthu wakuda woyamba wa ku Africa kupambana gawo pa mipikisano itatu ikuluikulu ya njinga. Mu 2024 anapambananso magawo atatu a Tour de France. Mu 2025 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali, koyamba pa nthaka ya Africa. Ndikamamva zimenezi mtima umandipweteka ndikakumbuka anyamata a kabaza ndi aja okankha matumba a makala kuchokera kutali kukafika mu Lilongwe ndi mu Blantyre, pa njinga yopanda giya ngakhale imodzi. Miyendo imeneyo ikanapeza njinga yoyenera, chakudya ndi wowaphunzitsa, tikanamva mayina achimalawi pa wailesi za kuno.

Koma pali mbali ina imene sioneka pa zithunzi. Msewu womwewo umene Lamlungu umadzaza ndi zovala zowala, mkati mwa sabata m'mbandakucha mumadutsa anthu ena pa njinga: ife ogwira ntchito m'minda, ochokera ku Senegal, Gambia, Pakistan ndi kwina, ambiri pa njinga zotha, opanda nyali, atavala majekete akuda. M'nyengo yozizira, nthawi yotengulira mphesa, timapita kuli mdima ndi nkhungu, kubweranso kutada. Misewu yake ndi yopapatiza, yokhotakhota, ndipo oyendetsa galimoto amene anaizolowera amathamanga poganiza kuti mulibe munthu. Mnzanga wina anagwetseredwa m'ngalande ndi galimoto imene sinaime n'komwe. Anathyoka phewa n'kukhala nyengo yonse yokolola osalandira kanthu. Ngakhale akatswiri sapulumuka. Michele Scarponi, amene anali katswiri wa Giro ya 2011, anafa mu 2017 atagundidwa ndi galimoto akuchita masewera pafupi ndi kwawo ku Filottrano. Davide Rebellin anagundidwa ndi lole mu 2022. Kuyambira Disembala 2024 lamulo la pamsewu likunena kuti woyendetsa galimoto asiye mpata wa mita imodzi ndi theka podutsa wa panjinga ngati msewu ukulola, koma pa kona ya m'nkhalango palibe wapolisi woyeza mpatawo.

Nkhani imeneyi ndinaifotokozera gulu lathu la Lamlungu, ndipo mkulu wokonza njinga uja anayamba kusonkhanitsa nyali zakale ndi majekete onyezimira kwa anzake. Ndimazitenga ine kukagawira anyamata kuntchito, ndipo Loweruka madzulo amawakonzera mabuleki ulere.

Kwa iwe mng'ono wanga amene ukukonza mapepala obwerera kuno: dziwa kuti kuno timayenda kumanja kwa msewu, osati kumanzere, ndipo pa ma raundabauti mutu umasokonezeka masiku oyamba. Lamulo limafuna jekete yonyezimira ukamapalasa kunja kwa tauni usiku. Ndalama yako yoyamba ugulire nyali ziwiri, yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, chisoti, pampu ndi chubu chapadera. Njinga usagule, yachitsulo ija ndakusungira, ndaikanso matayala atsopano.