Kufunditsa kanyumba ka galu ku Johannesburg: Inkbird, Sonoff kapena Home Assistant?

Amene sanagonepo ku Johannesburg mu Julayi amati galu samva chisanu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo m'mawa wina mumadzuka udzu utayera mbee, madzi a m'mbale ya galu atagwira ayisi pamwamba. Pa 10 Julayi 2023 kunachita kugwa chipale chofewa. Galu wathu Tayiga ndi wa ubweya waufupi, wakalamba, miyendo yakumbuyo yayamba kuuma, koma mwini nyumba salola galu mkati. Ndiye ndinkafuna kuti kanyumba kake kazifunda kokha, ine osadzuka 2 koloko ya usiku kukayatsa hita.

Ndinayamba molakwika. Ndinagula pulagi ya Wi-Fi yotchipa ndi kasensa kake, zopanda ndi dzina lomwe lodziwika. Lamulo loti "kukazizira yatsa" silinkakhala m'pulagimo, linkakhala pa intaneti. Tsiku lina magetsi anathima cha m'ma 10 usiku. Atabwera, intaneti sinabwere nawo, pulagi n'kungokhala duu. M'mawa ndinapeza galu atadzipinda ngati nkhata pakona, akunjenjemera, pamene foni ikundionetsabe madigiri 13 a dzulo. Kuyambira pamenepo funso langa loyamba pa chipangizo chilichonse ndi lakuti: intaneti ikapita, nzeru zako zimatsala kuti?

Inkbird ITC-308 funsoli limaliyankha mosavuta, chifukwa mtundu wamba wa iyo sudziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli intaneti. Ndi thermostat, kachipangizo koyatsa ndi kuthimitsa hita malinga ndi kutentha, yongosomeka pakhoma, ili ndi kawaya koyezera kutentha ndi masoketi awiri, ya hita ndi ya choziziritsa. Mukaika madigiri 12 ndi kusiyana kwa madigiri 2, imayatsa pa 10 n'kuthimitsa pa 12. Magetsi akathima n'kubwera, imapitiriza pomwe inasiyira. Kuipa kwake n'koti mukakhala kuntchito simudziwa zomwe zikuchitika, bokosi lake silifuna mvula, ndipo nthawi zambiri imabwera ndi pulagi ya ku Ulaya yofunika adaputa.

Sonoff TH Elite, swichi ya Wi-Fi ija ya THR316D, ili pakatikati. Imanyamula mpaka 16A, ili ndi kasikirini, ndipo mukaiphatikiza ndi sensa ya DS18B20 yosalowa madzi mumaona pa pulogalamu yake ya pafoni ya eWeLink mmene kutentha kwayendera usiku wonse. Chithunzi chimenecho n'chimene chinandionetsa kuti kumazizira kwambiri m'bandakucha, osati pakati pa usiku monga ndinkaganizira. Koma iyi si yongosomeka. Mumadula waya wa 230V n'kulumikiza nokha, ndiye ngati magetsi simuwadziwa itanani odziwa. Imafunanso Wi-Fi ya 2.4 GHz, ndipo kanyumba kakakhala kuseri kwa mpanda wa njerwa, siginolo imafika movutikira.

Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zipangizo za m'nyumba, ndi ya anthu okonda kugwiragwira. Mlamu wanga anaiika pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, ndi kasensa ka Aqara ka Zigbee (njira yolumikizira zipangizo popanda waya) ndi pulagi yake, zonse zikuyendetsedwa ndi Generic Thermostat, gawo la Home Assistant loyatsa ndi kuthimitsa hita. Kunena zoona zimasangalatsa. Malamulo amakhala m'nyumba momwemo, foni imalira kanyumba kakatsika pa madigiri 7, ndipo mutha kuuza hita kuti isayake masana. Koma werengani zinthu zomwe ziyenera kukhala zamoyo nthawi imodzi: Raspberry Pi, kandodo ka Zigbee, pulagi, ndi kabatire ka CR2032 komwe sikakonda chisanu. Chimodzi chikafa, hita ikhoza kukhala mmene inaliri, yoyaka kapena yothima. Popanda UPS yaing'ono, batire lothandiza magetsi akathima, ndiponso lamulo lina loti sensa ikakhala chete ikudziwitseni, galu wanu ali m'manja mwa mwayi.

Pa zitatu zonsezi, malo a sensa ndi amene amanamiza anthu. Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndiye sensa ikakhala pomwe amatsamira iziti kwafunda kale. Pakhomo iziti kwazizira nthawi zonse. Yanga ili pakhoma lam'mbali, pamwamba pang'ono pa msana wake akagona, waya ali m'paipi yachitsulo chifukwa woyamba uja anamutafuna ngati nzimbe. Chingwe chonse chizidutsa pa earth leakage ya 30 mA, swichi yodula magetsi akayamba kutayikira pansi. Babu yofiira yofunditsira anapiye ayi, pafupi ndi bulangete imeneyo ndi moto. Ine ndimagwiritsa ntchito hita ya paipi ya 60W yotchingidwa ndi sefa. Itayaka maola 10 osapuma imadya mayunitsi 0.6 basi, ndipo popeza pansi ndinakweza ndi matabwa n'kupachika chinsalu cholemera pakhomo, simayaka usiku wonse.

Panopa hita ndinaipereka kwa Inkbird, ndipo sensa ya pafoni ntchito yake ndi kungoonerera n'kundiuza. Sonoff ndinaisamutsira ku giza. Mlamu amaseka kuti ndabwerera m'mbuyo, koma ndi iye amene Juni aliyense amakwawa m'kanyumba ka galu ndi tochi kukamwa, kukasintha batire.