Khwekhwerere, Senga Bay kapena Cape Maclear: wokonda kukwera mapiri wa kuno kumtunda alowere kuti?

Amene tinazolowera phiri la Dedza timaona ngati mapiri a m'mbali mwa nyanja ndi zitunda chabe. Pa msinkhu n'zoona: nsonga ya Dedza ili pa mamita 2,198 pomwe madzi a nyanja ya Malawi ali cha m'ma 474. Koma chimene chimagwetsa munthu wa kuno akapita kumeneko si chikweza ayi, ndi dzuwa. Mukatsika mamita 1,000 kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye thupi lozolowera chifunga cha ku Bembeke limataya madzi msanga kuposa mmene mwini wake akuganizira. N'chifukwa chake njira zitatu izi taziyeza poona kutentha, madzi akumwa, zopondapo ndi mayendedwe, osati kukongola kokha.

Tiyambe ndi ya pakhomo, Khwekhwerere. Msewu wa tara umapatuka pa M1 pa Masasa n'kutsika mokhotakhota mpaka pa Golomoti, ndipo m'mbali mwake muli tinjira ta anthu a m'midzi todula makona. Wochokera ku Ntcheu akwera minibasi yolowera ku Dedza n'kutsika pa Masasa pomwepo. Ubwino wake, simulipira pachipata chilichonse, anthu ali paliponse, ndipo mukalema mungotulukira pa tara n'kuimika galimoto kapena njinga yamoto. Kukacha bwino mumaona chigwa chonse, nyanja ikunyezimira patsogolo ndi mapiri a ku Monkey Bay kuseri kwake.

Vuto lake n'loti ulendo wonse ndi wotsika, pafupifupi mamita 1,000, ndiponso mumayamba kozizira n'kukathera kotentha dzuwa lili paliwombo. Kutsika kumapweteka mawondo ndi ntchafu kuposa kukwera, chifukwa minofu imagwira ntchito ya mabuleki pa sitepe iliyonse. Zala nazo zimagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka chikhadabo cha chala chachikulu kuda. Wengani zikhadabo dzulo lake, mangani zingwe zolimba cha pa kakolo, ndipo dulani ndodo yofika m'chiuno. Tinjira todula makona tili ndi timiyala tosereruka pa dothi louma. Pondani chammbali, masitepe afupiafupi. Ngati mwasankha tara, yendani mbali yoyang'anizana ndi magalimoto obwera, ndipo pa makona akuthwa muzimvetsera kulira kwa injini, poti malole otsika ndi katundu sachedwa kutentha mabuleki.

Tinene chilungamo: Khwekhwerere sakufikitsani pamadzi. Pa Golomoti nyanja ikadali kutali, ndipo chigwa chotsalacho n'chafulati, chotentha, chosakoma kuyenda wapansi. Mathero abwino a ulendowu ndi pa Mua, kumpoto pang'ono potsata M5, pa mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Pamenepo pali Kungoni, malo a zosemasema ndi za chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo mtsinje wa Nadzipokwe ukudutsa m'munsi mwake m'matanthwe. Ndi ulendo woonera nyanja patali, si woisambira.

Ku Senga Bay tisachedweko. Kuchoka pa Golomoti mutsata M5 kudutsa Mtakataka ndi Chipoka mpaka pa Kamuzu Road ku Salima, kenako makilomita pafupifupi 20 kupita kugombe. Mapiri a Senga ndi aafupi, theka la tsiku likwanira kukwera, kupuma pamwamba mukuyang'ana chilumba cha Namalenje, n'kutsika. Ngati pagulu pali ana kapena amene sanakwerepo phiri, malo ake ndi ano, chifukwa malo ogona, msika ndi zoyendera zili pafupi. Zosamala ndi ziwiri. M'derali muli kampu ya asilikali, choncho funsani eni dera kumene anthu wamba amaloledwa kudutsa ndipo osajambula zinthu za asilikali. Chachiwiri, kumpoto kuli dambo la Mpatsanjoka kumene kumakhala mvuu ndi ng'ona. Osayenda m'bango m'mamawa kwambiri kapena chakumadzulo, nthawi imene mvuu zimakhala zikutuluka kapena kubwerera m'madzi. Kwa munthu wa miyendo yolimba, Senga amatha musanayambe n'kutuluka thukuta lenileni, ndiye ndalama ya mayendedwe imaoneka yochuluka poyerekeza ndi ulendo wake.

Kumene kuli ulendo weniweni wa m'mbali mwa nyanja ndi ku Cape Maclear. Pa Golomoti mulowera msewu wa ku Monkey Bay, mutsika pa mphambano musanafike m'tauni, n'kutenga njinga yamoto makilomita pafupifupi 18 mpaka m'mudzi wa Chembe. M'njira muli Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati mphini zotema pakhungu, koma ndi chilengedwe, sanateme munthu. Mapiri onse ozungulira Chembe ali m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pachipata pamalipiridwa, nzika zimalipira zochepa kuposa alendo akunja, ndiye musaiwale chitupa cha unzika, ndipo risiti muisunge m'thumba louma mpaka mutatuluka.

Kuno muli njira za misinkhu itatu. Yaifupi ndi ya ku Otter Point, kumapeto kwa gombe chakumadzulo: poyenda pang'ono, matanthwe akuluakulu olowa m'madzi oyera mbee, mbuna zikuoneka mutangoima pamwala. Yapakati imayambira cha ku manda a amishonale a Livingstonia, amene anafika pano mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha, ndipo imakwera m'nkhalango mpaka pa matanthwe oonera Chembe yense ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Iwerengereni maola atatu kapena anayi kupita ndi kubwera. Yaitali ndi yodutsa mapiri kupita ku midzi ya asodzi ngati Msaka, kapena mbali ya Mvunguti ndi Monkey Bay, ndipo imeneyi ndi ya tsiku lathunthu.

Njira yapakati ndi yaitali musayende popanda wolondolera wa m'mudzimo. Chifukwa chake n'chosavuta: pa thanthwe sipatsala mapazi, ndipo tinjira ta otola nkhuni timaoneka topondedwa bwino kuposa njira yeniyeni koma timakathera pachitsa. Gwirizanani mtengo ndi pokathera musananyamuke. Ngati mukufuna kubwerera pa boti, dziwani kuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukhoza kuwinduka masana, mabwato osanyamuka, inu n'kugona kumene simunakonzekere. Matanthwe a kuno akauma amagwira nsapato bwino, koma akanyowa amaterera ngati sopo, ndipo masana a mu Okutobala amatentha moti simungagwirepo ndi dzanja. Nsapato ikhale ya mphira wofewa kunsi. Ya mpira yokhala ndi zogoba ndiponso patapata n'zogwetsa. Anyani a m'pakimu anazolowera anthu: chakudya chikhale m'chikwama chotseka, osati m'jumbo yolendewera kudzanja. Komanso kuyambira 2024, pamene nyanja inakwera kwambiri n'kumiza magombe ambiri, musadalire njira ya pamchenga imene munaidziwa kale musanafunse ngati ikadalipo.

Nkhani ya madzi ndi imene imasiyanitsa kwambiri njira zitatuzi. Pa Khwekhwerere mumadutsa m'midzi, mijigo ndi timagolosale zimapezeka, malita awiri akwanira poyambira. Ku Senga malita awiri atha ulendo wonse. M'mapiri a Cape Maclear timitsinje timauma chilimwe, nyanja mukuiona pansipo koma simungaifike, ndiye munthu mmodzi anyamule malita atatu nyengo yozizira, anayi kapena kuposa mu Okutobala ndi Novembala. Lita imodzi ikhale ya Thanzi, paketi imodzi pa lita. Ngati palibe, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere pa lita imodzi ya madzi. Madzi okha popanda mchere, thukuta likutuluka tsiku lonse, akhoza kubweretsa kukokana kwa minofu. Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire ndi mseru, mukhazikeni pamthunzi, mumuthire madzi m'khosi ndi m'khwapa, amwe pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosokonekera, ulendo watha, n'kuchipatala basi.

Pa nyengo, zonse zitatu zimakoma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Malichi ndi Epulo udzu umakhala wautali, umabisa njira ndi njoka, nkhupakupa nazo zili mbwee. Chilimwe chikalowa samalani chitedze m'zitsamba za m'mbali mwa njira, makamaka m'makwawa a Khwekhwerere ndi a Cape Maclear. Chikakugwirani osakanda, poti mukulowetsa ubweya wake m'khungu. Matani selotepi n'kumatula kangapo, kenako sambitsani ndi sopo. Nthawi yotentha nyamukani 5 koloko m'mawa kuti pofika 10 mukhale mukutsika. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 ndipo mdima suchedwa, ndiye tochi ikhale m'chikwama ngakhale ulendo ndi wa m'mawa.

Tikati tisankhe: wa tsiku limodzi ndi ndalama yochepa atsike Khwekhwerere n'kukapuma pa Mua, wa ana apite ku Senga, amene ali ndi masiku atatu, awiri a pamsewu ndi limodzi la m'phiri, Cape Maclear ilibe mnzake, ndipo ife tingayambe ndi njira yapakati ija tisanayese ya ku Msaka. Kulikonse kumene mungagone kuchigwako, gonani m'neti, chifukwa ife a kozizira malungo a kunyanja amatigwira mwamphamvu. Thupi likatentha patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene munali. Ngati munasambira ku Chembe kapena ku Senga, likodzo lilipo ngakhale madzi aoneke oyera. Mankhwala ake, praziquantel, sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono, choncho kumwa tsiku lobwerera n'kutaya mankhwala. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako mupite kuchipatala akakupimeni sikelo, poti mlingo wake umatengera kulemera kwa thupi.