Projekita ya hayala ya ku Chinamwali, tinaonerapo filimu ya Charles Burnett pa khoma

Loweruka lapitali tinachita hayala projekita ndi masipika kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali ku Zomba kuno, ali ndi kashopu kake chakumbuyo kwa anthu a kanyenya aja, amakonzanso mafoni komanso amajambula maukwati. Dzina lake sindilemba poti sindinamupemphe, koma anthu angapo amene anabwera kudzaonera akhala akundifunsa kuti kodi zida zija munazitenga kuti ndiye ndati ndingofotokoza zonse mmene zinayendera, zabwino ndi zolakwika zomwe.

Nkhani inayamba ndi DVD. Msuweni wanga amene amakhala kunja anabwera ku holide ndipo anandisiyira DVD ya Killer of Sheep, filimu ya Charles Burnett, amvekere iwe umakonda zamafilimu ona iyi. Ndinaionera ndekha pa laputopu usiku wina ndipo itatha ndinangokhala phee kwa kanthawi, mtima unandiuza kuti iyi si yoonera wekha pa kasikirini kakang'ono, ikufunika khoma lalikulu komanso anthu oti muzipumira limodzi. Ndiye tinasonkherana anthu asanu ndi mmodzi, aliyense kangachepe, tinalipira theka pa Airtel Money ngati dipoziti theka linalo atamaliza ntchito. Mtengo wake kunena zoona ndi wachibale, poganizira kuti amabweretsa yekha zonse, amalumikiza yekha, amakhala pompo mpaka filimu ithe.

Choyamba cholakwika ndinene msanga, anachedwa. Tinagwirizana 5 koloko kuti tikonze kukadali kowala, iye anafika 6 itadutsa kale pa njinga ziwiri za kabaza, imodzi yanyamula masipika ina iye ndi chikwama cha projekita pamiyendo. Kwathu kuno ku Matawale si kutali ndi Chinamwali, ndiye kuchedwa kumeneko kunandiwawa, anthu anali atayamba kale kufika ena atanyamula mikeka ndi mipando yawo. Ekisitenshoni yakenso inali yaifupi tinachita kukabwereka kwa aneba. Izi achimwene aja azikonze.

Koma atayamba ntchito ndinaona kuti munthuyu zake amazidziwa. Ine ndinali nditakonza shiti yoyera ya pabedi kuti timange pa chingwe choyanikira zovala, iye anangoiyang'ana n'kuti ayi akulu, mphepo yotsika m'phirimu ikayamba chinsaluchi chizivina, nkhope za anthu zizipindika, tiyeni tione khoma. Anazungulira nyumba ndi tochi ya foni mpaka anasankha khoma la kumbuyo lopaka laimu, n'kupempha tsache kuchotsa ukonde wa akangaude, projekita anaikhazika pa tebulo n'kuika timakatoni pansi pa mwendo umodzi mpaka chithunzi chinawongoka bwinobwino. Kenako vuto lina, DVD player yake inakana chimbale, imangolemba za region. Zimbale za ku America zimakhala zokhomedwa kuti zizisewera pa makina a chigawo chakwawoko, ife sitimadziwa, iye sanatekeseke anangoti bweretsani laputopu munaonerapo ija, analumikiza ndi HDMI basi zinatheka.

Pamene tinatsala pang'ono kusemphana ndi pa maiki. Anatulutsa maiki m'chikwama n'kuiyesa, wani thuu wani thuu, ndinamufunsa kuti imeneyo ya chani, akuti ndizimasulira akulu, anthu samva Chingerezi cha ku America chija ndiye ndiziwauza zikuchitika komanso kuthirako tinthabwala kuti asagone. Mukudziwa mmene zimakhalira m'mavidiyo shoo, womasulira amalankhula pamwamba pa filimu kuyambira poyamba mpaka pothera, amapatsa anthu mayina achichewa, ndipo pa mafilimu a nkhonya zimakoma, ineyo ndinakulira momwemo sindinyoza ayi. Koma filimu iyi ndi ina. Muli malo ambiri amene palibe akulankhula, bambo wangokhala pa tebulo kukhitchini, mkazi wake akumuyang'ana, ndipo kukhala chete kumeneko ndiye nkhani yakeyo. Ndinamuchonderera kuti achimwene chonde maikiyo tiigwiritse poyamba pokha, ndifotokoze za mwini filimu, kenako tiizimitse. Anaoneka kuti sanakondwe, anati anthu athawa, koma anavomera. Ndipo ndimamulemekeza pa chimenechi chifukwa ena akanakakamira kuti zida ndi zanga.

Ndiye ndinaima ndi maiki ija n'kuwauza anthu za Charles Burnett mwachidule. Bamboyu anabadwa mu 1944 ku Vicksburg, Mississippi, kummwera kwa America, makolo ake n'kusamukira ku Los Angeles iye ali wamng'ono ndipo anakulira ku Watts, dera la anthu akuda, komwe mu 1965 kunabuka chipolowe chachikulu anthu 34 n'kufa. Poyamba amaphunzira zamagetsi ku Los Angeles City College, kenako anasintha n'kupita kukaphunzira za mafilimu ku yunivesite ya UCLA. Kumeneko anakumana ndi ophunzira anzake akuda monga Julie Dash, Billy Woodberry ndi Haile Gerima wa ku Ethiopia, gulu limene pambuyo pake linadzatchedwa L.A. Rebellion, ndipo chimene chimawapweteka onsewa n'choti Hollywood ikaonetsa munthu wakuda imamuonetsa ali ndi mfuti kapena akugulitsa mankhwala ozunguza bongo, osati bambo wamba amene amadzuka m'mawa kupita ku ntchito. Killer of Sheep inali ntchito yake yomalizira digiri ya masters, anaijambula kumapeto kwa sabata cha mu 1972 ndi 1973 ndi kamera ya 16mm, yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi, ndalama zake zosakwana madola 10,000, ndipo ambiri mwa osewera anali anzake ndi anthu a m'dera momwemo osati akatswiri. Analemba yekha, kamera anagwira yekha, kudula ndi kulumikiza anachitanso yekha. Nditanena zimenezi ndinaona mwini projekita wasiya kukanda foni akumvetsera.

Filimuyo nkhani yake ndi ya Stan, bambo wogwira ntchito kophera nkhosa, wotopa, tulo samapeza, akabwera kunyumba sakhalanso ndi mphamvu yocheza ndi mkazi wake. Palibe mbava yoti agwidwe kumapeto, palibe kuthamangitsana kwa magalimoto, ndi timoyo ta tsiku ndi tsiku basi. Ndipo apa ndi pamene projekita ija inandisangalatsa, chifukwa filimu yakuda ndi yoyera imaulula msanga makina ofooka, mdima umangokhala phulusa. Iyi mdima unali mdima ndithu ngakhale kuwala kwake si kwamphamvu kwambiri, tinachita kuzimitsa babu la pakhonde ndi kupempha aneba azimitse lawo. Pamene ana aja akudumpha kuchoka pa denga lina kupita pa lina kamera ili pansi ikuyang'ana kumwamba, pa khoma lathu lija anaoneka ngati akudumpha pamwamba pa mitu yathu, mayi wina anakuwa kuti mayo agwa. Pamene akugendana ndi miyala pa bwalo la fumbi ana athu amene anakhala kutsogolo pa mkeka anayamba kuseka n'kumalozana, poti ndi masewero awo omwewo amene timawakalipira tsiku ndi tsiku.

Malo amene anagwira anthu onse ndi a injini. Stan ndi mnzake agula injini ya galimoto yakale ndi tindalama tawo tochepa, ainyamula movutikira kutsika nayo masitepe, thukuta kamukamu, aikweza kumbuyo kwa pikapu imene yaima pa mtsetse koma osaikankhira mkati, angoisiya kumapeto. Anthu a ku Zomba mtsetse timaudziwa, ndiye asanalize n'komwe galimoto bwalo lonse linali litayamba kale kukuwa kuti ikani mwala, ikankheni mkati, igwatu imeneyo. Galimoto itangonyamuka injini ija phii pansi, yaphwanyika. Panalibe amene anaseka. Bambo wina wokonza njinga zamoto amene anakhala pafupi nane anangopukusa mutu n'kuti ndalama yapita imeneyo, ndipo mawu ake anamveka kuti zinamuchitikirapo. Apa palibe amene amafuna womasulira. Ndinacheuka kuyang'ana mwini projekita, maiki ili pamiyendo yozimitsa, maso ali pa khoma.

Chapakatikati magetsi anazima, Matawale yense mdima bii, anthu n'kuyamba kudandaula ena kunyamuka. Mnyamata uja anali atabwera ndi batire ndi inveta zimene ine poyamba ndimaona ngati katundu wongolemetsa kabaza, sipanathe mphindi zisanu chithunzi chinabwerera ndipo anabweza pang'ono kuti tisaphonye. Chimodzi chokha, pa batire anachotsa sipika imodzi kuti moto ukwane mpaka kumapeto, ndiye akumbuyo amamva movutikira. Komanso sipika yotsalayo inali ndi kaphokoso kena kong'ung'udza pansipansi kamene pa nyimbo zaphokoso simungakamve koma pa malo a chete kamasokoneza. Ndinamuuza ndipo anavomera kuti ndi waya, akuti agula wina.

Za sipikazi ndikulimbikira chifukwa nyimbo mu filimu imeneyi si zokongoletsa chabe. Pali pamene Stan akuvina pang'onopang'ono ndi mkazi wake m'chipinda cha mdima pafupi ndi windo, Dinah Washington akuimba, mkazi akumukumbatira mwamphamvu koma bamboyo thupi lili pompo mtima uli kutali, kenako amangochoka kumusiya yekha. Azakhali anga amene Chingerezi samva n'komwe anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena chapansipansi kuti ntchito yamudya mwamunayu. Ndipo nyimbo zomwezi ndi zimene zinaitsekereza filimuyi kwa zaka pafupifupi 30. Burnett anaikamo nyimbo za anthu ngati Paul Robeson, Louis Armstrong ndi Earth, Wind & Fire osagula chilolezo, poti inali ntchito ya kusukulu samaganiza zoti idzagulitsidwa. Ndiye ngakhale inapata mphoto ya olemba za mafilimu ku Berlin mu 1981, ngakhale Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaiika mu 1990 pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko, anthu wamba samatha kuionera m'makanema. Zinatheka mu 2007 pamene a UCLA anali ataikonzanso ndipo kampani ya Milestone inalipira ziphaso za nyimbozo ndalama pafupifupi madola 150,000, wopanga mafilimu wina Steven Soderbergh anathandizapo. Tangoganizani, chilolezo cha nyimbo kudula kuposa filimu yonse ka 15. Zimandipweteka ndikaganiza kuti munthu anapanga chinthu chotere ali mnyamata n'kudzachiona chikufika kwa anthu ali ndi zaka zoposa 60.

Itatha anthu sanabalalike msanga ngakhale kunali kuzizira, tinakhala tikumwa tiyi wa mu fulasiki n'kumakambirana. Wina anafunsa ngati bamboyu anadzalemera, ndinati dzina lake silinamveke ngati la anzake a ku Hollywood koma sanasiye ntchito. Anapanga My Brother's Wedding mu 1983, kenako To Sleep with Anger mu 1990 momwe muli Danny Glover ngati mlendo wochokera kumudzi amene wafika pakhomo n'kukhazikika osafunanso kuchoka uku akusokoneza banja, nkhani yoti aliyense kuno angaimve. Anabweranso kuno ku Africa kudzapanga filimu ya nkhondo ya ufulu wa Namibia yonena za Sam Nujoma imene inatuluka mu 2007, ndipo mu 2017 anamupatsa Oscar yaulemu, ali ndi zaka 73.

Mwini projekita akupinda mawaya anandiyandikira n'kuti akulu, ndiye kuti munthuyu anangojambula anthu a m'dera mwake basi, opanda ma acter, Loweruka ndi Lamulungu lokha? Ndinati eya. Anakhala chete akukulunga waya pa chigongono kenako anati kamera imene ndimajambulira maukwati ija masiku a mkati mwa sabata imangokhala m'chikwama, ndipo ku Chikanda kuli ana amasewera m'mphepete mwa Likangala madzulo aliwonse. Sindinamuyankhe zambiri, ndinangomubwereka DVD ija kuti akaonere zina zifupizifupi za Burnett zimene zili momwemo.

Ndiye amene mukufuna kumuchita hayala, ine ndikuti mutengeni, koma muuzeni nthawi yoyambirira ndi ola lathunthu kuposa imene mukufuna, konzekeranitu ekisitenshoni yanu yaitali, muuzeni asaiwale batire, ndipo ngati filimu yanu ndi yofuna chete kambiranani za maiki musanalipire dipoziti. Khoma likhale loyera ndipo yambani kukada ndithu chifukwa projekita yake silimbana ndi kuwala. Ife tamuuza kale kuti mwezi wamawa tikufunanso, msuweni walonjeza kutumiza ya Danny Glover ija, ndipo azakhali anena kuti ulendo uno mpando wawo uikidwe kutsogolo pafupi ndi sipika.